Muyeso wa Jenerali Threlfall

Anabwera koyamba mvula ikuwaza ku Aldershot,
mnyamata wa khosi lalitali ngati tsekwe,
makutu atafiira ndi chisanu.
Bambo anga anali pamakina, ine ndinagwira tepi.
Chifuwa, mainchesi makumi atatu ndi asanu ndi imodzi.
Ndinalemba m'buku ndi pensulo:
Alaric Threlfall, nyenyezi imodzi paphewa.
Anafunsa motsitsa mawu ngati tingalole ngongole.

Pochokera ku Korea jekete linkamulendewera ngati lobwereka.
Za phiri lomwe anagonapo miyezi itatu sanakambe,
nanenso sindinafunse; telala amamva ndi zala.
Atafika kale pakhomo anabwerera,
natulutsa kapepala kopinda kanayi.
"A Pargeter, mundisokerere aka m'kati,
kumanzere, pansi pa thumba, posaoneka."
Ndinasoka osakatsegula.
Ndanama. Ndinakatsegula.
Maina asanu ndi awiri,
limodzi lolembedwa kawiri poti inki inathimbirira.

Zaka zinayenda ndi singano.
Ku Aden dzuwa linamudyera kolala,
ku Jeremani soseji zinamuwonjezera mainchesi anayi,
ndinamasula msoko wakumbuyo iye akutukwana galasi.
Nyenyezi zinasanduka chisoti chachifumu,
chisoti chinaitana malupanga opingasa.
Munthu wofatsa ayi, ndisakunamizeni.
Anandikalipirapo chifukwa cha batani lopendekera,
ndipo asilikali ake, pobwera kudzafupikitsa mathalauza,
ankamutcha Chitseko
poti akatseka nkhani yatsekeka.
Koma ulendo uliwonse, ena akatuluka m'sitolo,
ankandipatsira kapepala katsopano.
Makumi awiri. Makumi awiri ndi asanu ndi anayi.
Atachoka ku Belfast, pansi penipeni,
panali dzina la mtsikana lopanda nambala ya usilikali.
Tsiku limenelo tinayesana osapenyana.

Kenaka London, maofesi a makapeti.
Nsalu inaleka kutha m'mawondo, inayamba kutha m'zigongono.
Mendulo zinachuluka mpaka ndinaika chinsalu cholimba kuti chifuwa chisagwe.
Mkazi wake Honor, atakhala pampando wapakona, anati,
"Jeketeli likumukokera mbali imodzi."
Ndinati ndi mendulozo, mayi.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, nabweza maso pa magolovesi ake.

Atapuma ntchito anapita ku Northumberland kukaweta njuchi.
Khadi pa Khirisimasi, mizere iwiri, basi.
Sitolo ndinatseka, maso atayamba nkhungu.

Chaka chatha galimoto inaima pakhomo panga.
Mdzukulu wake anamutsitsa ngati dengu la mazira.
Ndinamuzunguliza tepi mwa chizolowezi chabe:
makumi atatu ndi asanu ndi imodzi.
Anabwerera mwakale, khosi la tsekwe lomwe lija.
M'manja ananyamula juzi yakuda yakumunda,
yonunkha utsi ndi phula, yobooka pachigongono.
"Yunifolomu ikupita kunyumba yosungira zakale," anatero.
"Akaiika m'galasi. Awa asapite nawo."
Ndinatunga ulusi kasanu ndisanalase diso la singano.
Iye ankatchula maina pamtima, mmodzimmodzi,
ngati akuitana perete m'bandakucha.
Pa la makumi atatu ndi chimodzi anakakamira,
milomo ikugwedera, dzina osabwera.
Ndinamuuza.
Anatembenuka, nsidze zili m'mwamba ngati kale.
"Kodi mumawerenga?"
"Kuyambira Korea, bwana."
Anaseka mpaka kutsokomola.

Pa maliro panali lipenga, mbendera pabokosi,
mendulo pakapilo kofiira,
ndi mkulu wina amene anawerenga nkhondo zake motsatana, osaphonya.
Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi maambulera onyowa.
Anyamata asanu ndi mmodzi anamusenza pamapewa,
ndipo potsika masitepe a tchalitchi
ndinaona wa kumanzere, wakutsogolo,
akusintha phazi, nakweza phewa pang'ono.